Kodi Nigeria inaletsa anthu kugula Bitcoin?

Uthengawu umazungulirabe pa WhatsApp: akuti boma la Nigeria linaletsa ndalama za pa intaneti, ndipo aliyense wopezeka ndi Bitcoin amamangidwa. Si zoona, ngakhale kuti mphekeserayi ili ndi pomwe inachokera.

Pa 5 February 2021, banki yaikulu ya dzikolo, Central Bank of Nigeria, inalembera mabanki kalata yowalamula kuti asathandizenso malonda a crypto (ndalama za pa intaneti monga Bitcoin), komanso atseke maakaunti a ochita malondawo. Lamulolo linali la mabanki. Silinanene kuti munthu wamba akasunga Bitcoin mu foni yake wapalamula mlandu.

Nanga anthu anasiya kugula? Ayi ndithu. Anayamba kugulitsana okhaokha: wogula amatumiza naira, ndalama ya dzikolo, ku akaunti ya wogulitsa ngati akulipira katundu wamba, wogulitsayo n'kumasula Bitcoin pa app. Ambiri anapweteka apa, chifukwa banki ikakayikira inkatseka akaunti, ndipo atsinzinantole anapezerapo mpata.

Mu December 2023 banki yaikuluyo inachotsa chiletsocho, koma otumiza mauthenga aja izi sazitchula. N'zoona kuti mu 2024 boma linalimbana ndi kampani ya Binance, yochititsa malonda a crypto pa intaneti, mpaka inasiya malonda a naira, koma mkanganowo unali wa boma ndi kampani.

Choopsa kwambiri ndi mchira wa uthengawo, uja wakuti "samutsirani ndalama zanu ku wallet iyi zisanalandidwe." Wallet ndi posungira Bitcoin; mwini wa wallet imeneyo ndi wakuba, ndipo Bitcoin ikatumizidwa palibe banki yoti ikubwezereni.