Malire a Chongoni ndi anthu amene sanafunsidwe

Ukachoka pa boma la Dedza kuloza ku Lilongwe, mapiri amene umawaona usanafike pa Linthipe ndiwo a Chongoni. Kumeneko kuli nkhalango ya boma, kuli sukulu yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire, ndiponso kuli mapanga okhala ndi zojambula pamiyala. Malo a zojambulazo alipo 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Alendo amadzera zimenezo. Koma ife a kuno tikamati Chongoni timakumbukanso nkhani ya malire.

Zojambula zofiira, zamizere ndi zozungulira zija, makolo amati n'za Akafula, alenje amene Achewa anawapeza m'mapirimo. Zoyera, zopaka ndi chala choviika m'dothi, n'za Achewa. Zina amajambula anamkungwi pophunzitsa anamwali, zina n'zilombo za gule wamkulu, monga za ku Namzeze. Nthawi ya nkhondo za Angoni anthu amathawira m'mapanga omwewo, ndipo pamene amishoni ndi atsamunda amadana ndi gule, mapiri ndiwo anabisa mwambo. Choncho phirilo silinali tchire lopanda mwini. Linali tsimba, linali linga, linalinso nkhokwe ya bowa, masuku, mankhwala ndi udzu wofolera.

Mu 1924 boma la atsamunda linalengeza kuti Chongoni ndi nkhalango yotetezedwa. Cholinga chake, chosunga mitengo ndi magwero a mitsinje, sindingachinyoze. Chimene chinalakwika ndi kajambulidwe ka malirewo: mzere unameza midzi ndi minda ya anthu. Umboni wake ndi woti malirewo anakonzedwanso mu 1928 ndi mu 1930 kuti midzi itulukemo. Patapita zaka, mu 1961 ndi mu 1965, malo ena anachotsedwanso m'nkhalangomo poti anthu anali atalimamo kale. Kanayi konseko mzere unasuntha chifukwa anthu amene sanapatsidwe mpata woyankhula pabwalo anayankhula ndi khasu.

Kenaka kunabwera paini. Mbali zina za phiri zinadzalidwa mitengo ya matabwa, misewu inalambulidwa, alonda anachuluka. Mayi wopezeka ndi mtolo wa nkhuni amalandidwa nkhwangwa. Mu 1969 mapanga a ku Chentcherere anasanduka chipilala cha dziko, ndipo zimene mwana wamwamuna sanayenera kuziona zinayamba kuonedwa ndi aliyense wobwera ndi kamera. Apa ndipo pamandiwawa. Boma linateteza mwala, koma amayi amene amadziwa tanthauzo la zili pamwalapo anatsala kunja kwa mpanda.

Malamulo anadzasintha ulamuliro wa zipani zambiri utabwera. Lamulo la nkhalango la 1997 linalola midzi kukhala ndi makomiti osamalira zachilengedwe, ndiponso kupangana ndi boma za kasamalidwe ka nkhalango mogawana ntchito ndi phindu. Mu 1998 kunabwera mphamvu ku anthu: mapulani a chitukuko aziyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), apite ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), akafike ku khonsolo. Papepala zili bwino ndithu. Ndipo pena zimagwira. Pomwe komiti ili ndi mphamvu zenizeni, anthu amalambula okha njira zotchinga moto, amapachika ming'oma ya njuchi, amagwirana okha wina akamaotcha makala.

Koma kuitana anthu kumsonkhano ndi kuwafunsa n'zosiyana. Ndinakhalapo pamsonkhano wina pansi pa mtengo wa kachere, m'mudzi wina wa kufupi ndi phiri. Alendo anafika dzuwa litapendeka, anthu atadikira kuyambira m'mawa. Anamata pepala lalikulu pathunthu la mtengowo, lojambulidwa kale ndi mizere yobiriwira: apa podzala mitengo, apa podutsa alendo, apa posaloledwa kulowa. Mndandanda wa mayina unazungulira, osatha kulemba akudinda chala. Pamapeto agogo ena, amene mudzi wonse umadziwa kuti ndi namkungwi, anadzuka pamphasa n'kugwada pang'ono.

"Pepani bwana, kanjira mwajambula apoko kakudutsa poti amuna sapondapo. Kodi munafunsa yani?"

Mnyamata wonyamula cholembera anayankha mwaulemu kuti, "Zikomo amayi, tazimva, tikazitula kwa akuluakulu." Pepala linapindidwa monga linabwerera. Sindikuti mnyamatayo anali ndi mtima woipa. Anatumidwa kudzaonetsa, sanatumidwe kudzasintha kanthu.

Zotsatira zake zimaoneka pamwala pomwepo. Mukakwera kuphanga lina mupeza mayina a ana asukulu olembedwa ndi khala pamwamba pa chojambula chimene chakhalapo zaka mazanamazana, mwaye wa moto wa osaka mbewa utadetsa denga la phanga. Kale mwana sakanayerekeza, poti amadziwa kuti malowo ali ndi eni ake ndipo mlandu wake ukathera kwa mfumu. Lero amati n'za boma, ndipo za boma zilibe mwini. Mlonda mmodzi sangayang'ane mapanga oposa zana omwazikana m'mapiri onse aja. Amene amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku ndi mayi wa nkhuni, mbusa wa mbuzi ndi mkulu wa kudambwe.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mitengo ikatha m'phiri, woyamba kuona chitsime chikuphwa ndi wa m'tsinde mwa phirilo, osati wa mu ofesi. N'chifukwa chake ndimati pulani iliyonse ya Chongoni, kaya ya njira za alendo, kaya ya ndalama zolowera, kaya yodula paini, izibwera kumudzi pepala likadali loyera, mafumu, anamkungwi ndi akuluakulu a gule atakhala pamphasa yakutsogolo. Agogo aja adakali moyo, ndipo akudikirabe yankho la kanjira kaja.