Kuzula chitseko si njira yotolera lendi

Pantchito yanga ya zamalamulo kuno ku Zomba ndimakumana kawirikawiri ndi alandilodi a ku Chikanda, Matawale ndi Chinamwali, ndipo dandaulo lawo limakhala lomwelo: tenanti watha miyezi itatu osalipira, foni sakuyankha. Mtima umapweteka ndithu, makamaka ngati nyumbayo munaimanga ndi ndalama za penshoni.

Koma ambiri amandipeza atalakwitsa kale. Bambo wina anafika atazula chitseko cha ophunzira awiri a pa University of Malawi nkukachiika kuseri kwa nyumba yake. Usiku womwewo laputopu ya mmodzi inabedwa, ndipo amene ankafuna lendi uja ndiye anayamba kufunsidwa za laputopuyo.

Mukangolandira lendi, nyumba ndi yanu koma ufulu wokhalamo mwamtendere ndi wa tenanti. Kukhoma loko wanu pakhomo pake, kukanganula malata, kutseka mpopi kapena kutulutsa katundu wake panja kungakugwetseni m'mlandu, ngakhale ngongole yake ili yoona. Malamulo a milandu m'dziko muno amaletsa kulanda malo mwa nkhanza, olo malowo akhale anu.

Ufulu wanu ulipo, ndipo ndi waukulu. Ngati amalipira pamwezi ndipo simunagwirizane zina, mumupatse notisi yolemba ya mwezi wathunthu, asainire, kope musunge. Akakana kutuluka, kasumeni kukhoti kuti alipire ngongoleyo ndi kukubwezerani nyumba. Khoti likagamula, ogwira ntchito yomutulutsa kapena kugwira katundu ndi masherifu (antchito okwaniritsa zigamulo za khoti), osati anyamata a m'dera.

Kukhoti kumafunika mapepala. Mgwirizano wapakamwa umagwira ntchito, koma kuutsimikiza nkovuta. Lembani tsamba limodzi lokha: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, dipoziti, ndi amene azilipira bilu ya Southern Region Water Board ndi mayunitsi a ESCOM. Za madzi zimakanganitsa kwambiri pamene mabanja asanu akutunga pampopi umodzi. Perekani lisiti nthawi zonse, ndipo mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba musamafufute.

Denga likamadontha mvula ya Januwale, kapena chimbudzi chikadzadza, musayembekeze kuti tenanti ndiye akonze, pokhapokha ngati munalemberana kuti ndi zake. Iye amakonza zimene waononga yekha. Msonkho wa malo ku khonsolo ya mzinda wa Zomba ndi wanunso, ndipo ndalama za lendi zimawerengedwa ngati phindu lofunika kulidziwitsa ku bungwe lotolera misonkho la MRA.