Changu changa chinkatseka anthu pakamwa

Ambiri amaganiza kuti ntchito ya chisamaliro cha anthu imangofuna mtima wabwino. Mtima wabwinowo ndi wofunikadi, koma pawokha sukwanira. Dokotala ali ndi jakisoni ndi mankhwala, pomwe ife ogwira ntchitoyi chida chathu ndife eni ake: makutu athu, nkhope yathu, ndi mawu amene timasankha munthu wosweka mtima akakhala pamaso pathu. N'chifukwa chake timaphunzitsidwa kudziunika.

Ine mphatso yanga ndi changu. Munthu asanamalize kufotokoza, ndimakhala nditaona kale njira zitatu zomuthandizira. Ndinkanyadira zimenezi mpaka tsiku lina, pamene mayi wina amene mwana wake anasiya sukulu anandiuza mofatsa kuti zonse zimene ndinkawalangizazo anaziyesa kale, kungoti sindinawafunse. Mawuwo anandilasa mtima. Ndinazindikira kuti luso lomwe ndinkadalira ndi lomwe linkatseka anthu pakamwa.

Mu 1983, Donald Schön, mphunzitsi wa pa yunivesite ku America, anafotokoza kuti katswiri amadziunika pawiri: ali mkati mwa ntchito, komanso ntchitoyo itatha. Kwachiwiriku n'kosavutirapo. Graham Gibbs, katswiri wa zamaphunziro wa ku Britain, mu 1988 anakonza masitepe 6 oti munthu atsatire podziunika, kuyambira pa kufotokoza chimene chinachitika mpaka pa chimene adzachite ulendo wina. Kwa ine sitepe yolemera ndi yachiwiri, yofunsa kuti unamva bwanji mumtima. Ambirife timailumpha. Komatu ngati bambo woledzera akukukumbutsa munthu amene anakuzunza uli mwana, mkwiyowo udzalowa mu lipoti lako iwe osadziwa, ndipo lipotilo lingathandize kugamula ngati ana akhalebe ndi bambo awo kapena ayi. Si nkhani yamasewera.

Kudziunika uli mkati mwa ntchito kumafuna kuzolowera. Umadzigwira pamene lilime likuyabwa kuti ulangize, n'kukhala kaye chete.

Pali phindu lina limene sindinkaliyembekezera. Ukadziwa mphamvu zako ndi malire ake, umayamba kuona mphamvu za anthu amene ukuwathandiza. Dennis Saleebey, mphunzitsi wa ntchito yathuyi, ndi anzake a ku yunivesite ya Kansas ku America analimbikitsa kwambiri zimenezi: kuti tisamaone munthu ngati mulu wa mavuto, koma tizifunsa chimene chamufikitsa lero. Mayi aja anali atapirira zaka zambiri ine kulibe, ndipo nzeru zawozo ndi zomwe zinayenera kukhala poyambira.

Wekha sungadzione kumsana. Ntchito yathu imafuna kuti nthawi ndi nthawi tizikhala pansi ndi wotiyang'anira, osati kuwerenga mafayilo kokha, komanso kukambirana zimene zikutilemera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linafotokoza kuti kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito kumaonekeranso pamene munthu wayamba kuuma mtima pa ntchito yakeyo. Woyamba kumva kuwawa kwake amakhala wodzapempha thandizo.

Masiku ano ndisanatsegule pakamwa kuti ndilangize, ndimayamba ndafunsa kuti, “Mwayesapo kale chiyani?” Ndikatero ndimaika cholembera pansi n'kumvetsera.