Mandala: dera lomwe dzina lake linachokera pamaso pa munthu

Dzina la Blantyre linachita kubwera pa sitima. Ndi la mudzi wa ku Scotland komwe anabadwira David Livingstone, ndipo amishoni analipereka mu 1876 atakhazikika m'dziko la Mfumu Kapeni. Koma la Mandala, dera la mumzinda womwewu, ayi. Limeneli anatcha ndi makolo athu, ndipo n'chifukwa chake ine ndimalikonda.

Mu 1878 ku Glasgow kunakhazikitsidwa kampani ya Livingstonia Central Africa Company, yomwe pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes. Oiyendetsa kuno anali John Moir ndi mng'ono wake Frederick. John ankavala magalasi a maso. Anthu poona tizinthu tonyezimira tija pankhope yake, anangoti uyu ndi Mandala. Dzinalo linamukakamira, kenako linagwira kampani yonse, nyumba yake, msewu wopita kumeneko, mpaka dera lonse. Masitolo a kampaniyi atafalikira m'maboma, munthu ankangoti "ndikukagula nsalu kwa Mandala," ngakhale a Moirwo sanawaonepo n'kamodzi komwe.

Pakati pa derali pali Mandala House, yomangidwa mu 1882, imene imawerengedwa kuti ndiyo nyumba yakale kwambiri mwa zomwe zidakaimabe m'Malawi. Ndi yosanja, ya khonde lalikulu lozungulira, ndipo njerwa zake anamangira dothi. Masiku ano m'mwamba mwake muli laibulale ya Society of Malawi, momwe mumasungidwa mabuku ndi zithunzi zakale.

Chimandiwawa n'chakuti tikamakamba za nyumbayi timaiwala amtengatenga. Sitima zinkalephera kudutsa mathithi a mtsinje wa Shire, choncho katundu ankatsitsidwa kwa Katunga, ku Chikwawa. Kuchokera pamenepo amuna ankasenza mitolo ya nsalu, mikanda ndi zitsulo pamutu, n'kukwera nayo chitunda chonse chija wapansi mpaka ku Mandala, kenako kutsetsereka kukafika ku Matope komwe madzi ankayambanso kuyendeka. Pobwerera ankasenza minyanga ya njovu. Aliyense amene anakwerapo msewu wa ku Chikwawa pa minibasi m'mwezi wa Okutobala, injini ikulira movutika m'malo okhotakhota, angathe kuganizira thukuta la anthu amenewa.

Lero ku Mandala kuli maofesi ndi nyumba za mipanda, magalimoto ali piringupiringu kulowera ku Ginnery Corner. Nyumba ija ili phee pansi pa mitengo, ndipo ambiri odutsa pamsewu satembenukirako.