Situationship, ghosting ndi anzake: mawu a chibwenzi chopanda mboni

Mtsikana akamauza mnzake pafoni kuti ali mu situationship, amayi ake amene akusankha nyemba pakhonde angaganize kuti akunena za sukulu. Akunena za mwamuna. Loweruka lililonse amagona kwa mwamunayo, mswachi wake uli m'kapu ya kubafa kumeneko, amadziwa mwala umene pamabisidwa kiyi, koma akakumana ndi anzake a mwamunayo amangomva akuti, "Uyu ndi mnzanga." Yatha miyezi 8. Palibe anafunsira, palibe analola.

Mawu ngati amenewa anabadwira ku America ndi ku Britain, ena ku South Africa, ndipo anakula limodzi ndi mapulogalamu opezerapo zibwenzi monga Tinder, yomwe inayamba mu 2012. Kuno atipeza kudzera pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp. Makhalidwe amene akutchulidwawo si achilendo, amuna othawa mimba ndi akazi a mapanga awiri analipo kuyambira kale. Chimene chasintha ndi mboni. Kale mnyamata akafunsira, mtsikana n'kulola, pankaperekedwa chikole, nkhani n'kufika kwa amalume, ndipo pofika pa chinkhoswe mbali iliyonse inali ndi ankhoswe odziwa kwawo kwa mnzake. Chibwenzi cha pafoni chimayamba ndi anthu awiri, chimakula ndi anthu awiri omwewo, ndipo chikavuta palibe khomo loti mukagogode. Pafupifupi mawu onse atsopanowa amanena za zimene zimachitika pamalo opanda mboni amenewo.

Choyamba achinyamata amati ali pa talking stage, ndiko kuti akungochezerana, kutumizirana mameseji mpaka usiku, osalonjezana kanthu. Palibe cholakwika apa, munthu sagula mbuzi ili m'thumba. Vuto limabwera pamene kuchezako kwafika pogonana, pobwerekana ndalama, pochapirana zovala, koma dzina lake lidakali lomwe lija la "tikungocheza." Imeneyo ndiyo situationship: zonse za chibwenzi zilipo kupatula kuvomereza kuti ndi chibwenzi. Nthawi zambiri mmodzi ndiye amakondwa ndi mdimawo, winayo amangopirira poopa kuti akafunsa amuthawa.

Mankhwala ake ndi kufunsa, ndipo kafunsidwe kali ndi luso lake. Musafunse pameseji, musafunse pabedi, musafunse wina atamwa. Khalani pansi masana, ndipo musafunse kuti "kodi umandikonda?" chifukwa yankho la funso limeneli aliyense amalidziwa. Funsani zinthu zogwirika: kodi pali wina amene ukugona naye, kodi kwanu akundidziwa, kodi mimba itabwera titani, kodi ndalama ndinakupatsa zija ndi ngongole kapena mphatso. Munthu wachilungamo akhoza kuyankha kuti sanakonzeke, ndipo limenelo ndi yankho labwino chifukwa mwadziwa poima. Woti mumuope ndi amene amaseka, kukukumbatirani, n'kunena kuti "bwanji ukufuna kuononga zinthu zokoma?" Akatero kawiri, wayankha.

Pali chifukwa china chosakhudza mtima chimene chimachititsa funsoli kukhala lofunika. Ambiri amachoka mu situationship n'kungolowana, osapita kwa ankhoswe, kutchalitchi, kumzikiti kapena kwa DC, n'kumaganiza kuti popeza akhala limodzi nthawi yaitali ndiye kuti ndi banja basi. Lamulo la Malawi la maukwati la 2015 limavomerezadi ukwati wa anthu ongokhalira limodzi, koma silichita kuuvomereza lokha. Bwalo la milandu ndi limene liyenera kugamula kuti unali ukwati, ndipo silingatero ngati awiriwo sanathe zaka 5. Limayang'ananso ngati ankakhaladi nyumba imodzi, ngati ankadalirana pa ndalama, katundu anamupeza bwanji, ngati ali ndi ana, komanso ngati anthu a m'deralo ankawadziwa monga bambo ndi mayi a pakhomopo. Taonani kuti ngakhale lamulo likufuna mboni. Mayi amene wakhala ndi mwamuna zaka 3, n'kuthandiza kugula njerwa ndi malata pa puloti yolembedwa dzina la mwamunayo, tsiku la maliro angadzapezeke kuti kwa achibale a malemu ndi mlendo chabe. Ana ake ali ndi ufulu wa chithandizo ndi gawo pa chuma cha bambo awo ngakhale makolo sanakwatirane, koma iye mwini adzavutika. N'chifukwa chake malisiti a simenti ndi mameseji a Mpamba kapena Airtel Money osonyeza ndalama zimene munatumiza si zinthu zotaya.

Ghosting ndi kusowa ngati mzukwa. Dzulo munacheza bwinobwino, lero meseji ili ndi tiki imodzi, chithunzi chake chachoka, mukaimba foni ikungoduka. Kapena choipa kuposa apo: matiki awiri abuluu, iye akuika masitetasi, inu osayankhidwa. Zimapweteka kuposa kukanidwa pamaso chifukwa mutu umakhala ukufunafuna chimene munalakwa. Tumizani meseji imodzi yofunsa ngati ali bwino, dikirani sabata, kenako lekani. Kumuimbira ndi manambala a anzanu kapena kukamudikirira pageti la kuntchito kwake sikumubweza, ndipo kukhoza kukusandutsani inuyo wolakwa, pakuti lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti limaletsa kuvutitsa munthu mobwerezabwereza pafoni. Tinene apa kuti wothawa munthu wankhanza n'kumutsekera nambala sanachite ghosting. Wadzipulumutsa. Mng'ono wake wa ghosting ndi breadcrumbing, kumwazira munthu nyenyeswa ngati nkhuku: "ndakusowa" mmodzi pa masabata atatu, wokwanira kuti musapite kwina, wosakwanira kuti mukhute.

Catfishing ndiyo imadya ndalama zenizeni. Munthu amatenga zithunzi za wina, n'kutsegula akaunti, n'kukhala msilikali wa ku America amene ali kunkhondo, dokotala wamasiye wa ku London, kapena mtsikana wokongola wa ku Lilongwe amene nthawi zonse akusowa ya thiransipoti yoti abwere. Kachitidwe kake kamafanana kwambiri moti mukakadziwa kamodzi simudzapusanso. Sabata yoyamba amakutamandani ndi kukusamutsani kuchoka pa Facebook kupita pa WhatsApp. Posakhalitsa mwakhala "mkazi wanga." Kenako akuti wakutumizirani katundu, foni, laputopu ndi madola mu envulopu, ndipo amakuonetsani chithunzi cha katoni yolembedwa dzina lanu. Mawa lake wina amaimba kuti ndi wa kubwalo la ndege, katundu wagwidwa, lipirani msonkho pa nambala iyi. Mukalipira pamabwera chindapusa china chifukwa "apezamo ndalama zakunja." Katoniyo kulibe. Msonkho weniweni sulipiridwa pa nambala ya foni ya munthu.

Kumuyesa munthu wotere n'kosavuta. Tengani chithunzi chake muchiike pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti, muone ngati sichikupezeka ndi maina ena. Yang'anani akaunti yake: inatsegulidwa liti, anzake ndi a kwawo kapena ndi akazi okhaokha a m'maiko osiyanasiyana, pali wachibale amene anayamba wamulembera za maliro kapena ukwati? Pemphani kuimbirana pa vidiyo nthawi imene inu mwasankha, ndipo ali pomwepo muuzeni atembenuze nkhope kapena aike dzanja pachibwano, chifukwa masiku ano nkhope yabodza imatheka ngakhale pa vidiyo koma kawirikawiri imasokonekera ikaphimbidwa. Kamera yake ikakhala yowonongeka katatu, nkhani yatha. Mukafika pokumana, kumanani masana pamalo pa anthu, mufike ndi ndalama yanu yobwererera, ndipo mnzanu mmodzi adziwe kumene muli ndi nthawi imene muyenera kumuimbira. Ameneyo ndiye nkhoswe wanu wa tsikulo.

Zithunzi zamaliseche zili ndi msampha wakewake, umene amautcha sextortion: mwatumiza, kenako akuti tumizani ndalama apo ayi ziona abale anu ndi a kumpingo. Musalipire, chifukwa wolipira kamodzi amauzidwa kulipiranso. Jambulani mameseji oopsezawo pamodzi ndi nambala yake musanamutsekere, kenako kanene kupolisi. Kwa azaka 18 kupita m'tsogolo pali tsamba la StopNCII, limene limapanga chidindo cha chithunzicho pafoni yanu yomwe, chithunzi osachoka, n'kupereka chidindocho kwa Facebook, Instagram ndi TikTok kuti wina akafuna kuchiika chitsekedwe. Ndipo musadalire zoti chithunzi cha pa WhatsApp chimaoneka kamodzi kokha. Foni yachiwiri imajambula sikirini ya yoyamba.

Mawu awiri amene alangizi timawatenga mozama kwambiri ndi love bombing ndi gaslighting, chifukwa kawirikawiri amayenda motsogozana. Love bombing ndi chikondi chogwa ngati mvula ya matalala: mafoni khumi pa tsiku, mphatso zodula sabata yachiwiri, za ukwati mwezi usanathe. Chikomekome cha mkuyu. Sikuti aliyense wokonda mwachangu ndi woipa, ndipo njira yosiyanitsira ndi imodzi yokha: mukaneni kanthu kakang'ono. Nenani kuti Loweruka lino mukupita kwa achemwali anu. Wokukondani adzadandaula pang'ono n'kukufunirani ulendo wabwino. Winayo adzakwiya, adzaimba kasanu muli m'minibasi, adzafuna chithunzi chotsimikiza kuti mulidi kumeneko, ndipo pobwera adzakuuzani kuti achemwali anuwo sakufunirani zabwino. Umu ndi mmene munthu amadulidwira kwa abale ndi anzake mmodzimmodzi, mpaka wotsala womuuza zoona ndi yemwe akumuzunzayo.

Pamenepo gaslighting imapeza malo. Dzinali linachokera ku sewero la ku Britain la 1938, mmene mwamuna ankachititsa nyale za gasi za m'nyumba kuzirala, mkazi akadandaula n'kumamuuza kuti akungoona zake. Tanthauzo lake ndi kumuchititsa munthu kukayikira maso ake, makutu ake ndi kukumbukira kwake. Munaona meseji ya mkazi wina, iye wafufuta, akuti munalota. Anakutukwanani dzulo, lero akuti sananene, ndinu amene mutu sukuyenda bwino, ndipo wayamba kale kuuza anthu kuti masiku ano mukudwaladwala maganizo. Mawuwa afala kwambiri moti ena akuwagwiritsa ntchito pa mkangano uliwonse, zomwe n'kulakwitsa. Anthu awiri kukumbukira mosiyana za amene anasiya chitseko chosakhoma si gaslighting. Imakhala gaslighting ikamachitika mobwerezabwereza, wopindula ali mmodzi yemweyo, winayo n'kufika pomapepesa zinthu zimene sanachite. Amene akukayika alembe zochitika tsiku lomwelo, deti ndi mawu ake, asunge pamalo pamene mnzakeyo safika, ndipo auzeko munthu mmodzi wodalirika. Lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja limawerengera nkhanza za m'maganizo ndi za pachuma, osati kumenya kokha, ndipo bwalo likhoza kupereka chiletso choti wankhanzayo asakuyandikireni. Poyambira pake ndi ku Victim Support Unit ya kupolisi.

Blesser anatchuka ku South Africa cha m'ma 2016, pamene atsikana ankaika zithunzi za nsapato ndi maulendo n'kulemba kuti adalitsidwa, anthu n'kumafunsa kuti wodalitsayo ndani. Ife tinali kale ndi dzina lake losanyengerera, chidyamakanda, ndipo wa pambali timamuti MG2. Dzina lachingerezi langopaka mafuta. Choopsa pa ubale wotere si kusiyana zaka kokha ayi, koma kuti amene akulipira lendi ndi fizi ndiye amagamula za kondomu. Ngati wamng'onoyo sanakwane zaka 18, palibenso za blesser, malamulo amati ameneyo ndi mwana.

Izi zikutifikitsa pa consent, kulola. Kulola kugonana kumaperekedwa nthawi iliyonse payokha, ndipo munthu akhoza kusintha maganizo ngakhale zinthu zitayamba. Kulola dzulo si kulola lero. Kudya chipisi ndi nkhuku ya munthu, kulandira ya thiransipoti, ngakhale kulowa m'chipinda mwake si kulola. Woledzera kwambiri kapena wogona tulo sangalole. Ndipo amene walola ndi kondomu walola ndi kondomu basi. Kuivula mobisa pakati pa zinthu, komwe amakutcha stealthing, ndi kuchita chimene mnzako sanavomere.

Zikachitika zotere, kapena kondomu ikaphulika ndi munthu amene simukudziwa mmene magazi ake alili, wotchi imayamba kuwerenga. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi olera apangozi nawonso amagwira bwino akamwedwa msanga m'masiku atatu oyambirira. Wogwiriridwa apite kuchipatala asanasambe ngati n'kotheka, zovala atenge osachapa. Kwa amene agwirizana zosiya makondomu chifukwa tsopano ndi awiriwiri, kuyezetsa kamodzi sikukwana: kachipangizo koyezera magazi a pachala kakhoza kulephera kuona kachilombo kamene kalowa posachedwa, choncho yezetsani limodzi, pitirizani makondomu, mukayezetsenso limodzi pakatha miyezi 3, aliyense aone zotsatira za mnzake ndi maso ake, osati pa chithunzi cha pa WhatsApp.