Kolera sadikira kuti kuche

Mawu amene andifika pakhosi pa ntchito yanga ya zaumoyo kuno ku Mulanje ndi akuti "tione kaye". Mu Okutobala tikamayendera midzi kuona zimbudzi, amati: "Tidzakumba mvula ikayamba, panopa nthaka yauma gwaa." A zanyengo akachenjeza pa wailesi kuti kukubwera namondwe, amati: "Agogo athu ankagona pompano, madzi sanafikepo." Kenaka pakhomo pa chipatala, atabwera naye wodwala maso atalowa kale m'kati: "Timati tione kaye, mwina kutsegulako kusiya." Pakadafunda padajiwitsa galu, abale anga.

Palibe wa kuno anganene kuti sadziwa zomwe madzi amachita. Achikulire akukumbukira Napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991. Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana, mu Malichi kunabwera namondwe Gombe, ndipo mwezi womwewo kolera anabuka ku Machinga, zimbudzi zitagwa, mijigo itamira. Tinazolowera kuti mvula ikakata matendawa amatha, koma uyu anadutsa chilimwe chonse mpaka anafika m'maboma onse. Anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira, mliri wa kolera waukulu kuposa wina uliwonse umene dziko lino linauonapo. Tili m'kati molimbana nawo, namondwe Freddy anatipeza mu Malichi 2023. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri, milatho inakokoloka, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 anasiya nyumba zawo. Ndiye munthu lero n'kumandiuza kuti tione kaye? Tionenso chiyani?

Pali bambo wina amene sachoka m'mutu mwanga. Anali wothyola tiyi, wamphamvu zake, wa ana aang'ono. Anayamba kutsegula m'mimba madzulo, chimbudzi chake ngati madzi otsukira mpunga, kenaka kusanza. Apabanja anathamangira ku golosale kukagula makapisozi. Usiku zitavuta anaitana mkulu wina woyenda panjinga ndi chikwama, amene anthu amamutchula kuti adokotala chonsecho sanapondepo sukulu ya zachipatala. Anamubaya jekeseni, analandira ndalama, n'kuwauza kuti asamupatse madzi chifukwa akamwa azingosanza. Anafika naye kwa ife tsiku lotsatira dzuwa litapendeka, pa kabaza, atamumangirira kumbuyo ndi chitenje. Khungu ukalitsina silimabwerera, manja atakwinyika, mawu osamveka. Mtsempha woti tiikepo dripu tinaufuna m'mikono, m'miyendo, wosaoneka. Anatisiya tisanamalize botolo loyamba.

Tikufunsa mayi a kunyumba za madzi amene amamwa, anatiuza kuti mapaketi a Thanzi, ufa wosungunula wobwezera madzi ndi mchere m'thupi, analipo m'nyumba. Mlangizi wa zaumoyo anawasiyira masabata angapo m'mbuyomo. Anali m'chitini, osatsegula. Ankawayesa a ana. Sindiwadzudzula mayiwo, anachita zomwe anauzidwa ndi munthu amene anamukhulupirira. Koma amene anawaletsa kupereka madzi uja akuyendabe m'midzi ndi chikwama chake.

Mvetsani apa. Kolera amapha pomaliza madzi ndi mchere m'thupi, ndipo munthu wamkulu wathanzi angathe kufa m'maola ochepa. Kapisozi sabwezera madzi. Jekeseni sabwezera madzi. Mizu ya kwa asing'anga, phulusa, kachasu, zonsezi n'kungotaya maola amene wodwala alibe. Mankhwala opha tizilombo timapereka ndithu kuchipatala kwa amene adwalika, koma amabwera pambuyo pa madzi. Paketi imodzi ya Thanzi musungunule mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, muyambe kumumwetsa pomwepo, pang'onopang'ono. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso. Ngati Thanzi palibe, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Muzimumwetsa muli pa ulendo wa kuchipatala, usiku womwewo. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Anthu akafika msanga n'kuthandizidwa bwino, amene amafa safika ngakhale mmodzi pa 100 alionse.

Ndikudziwa mphekesera zija zoti kumatenti a kolera amapopa magazi, zoti wolowako satuluka. Ambiri amene anafera m'matenti ndi amene anafika mochedwa ngati bambo uja, ndipo ena anachedwa chifukwa cha mphekesera zomwezo. Wofalitsa nkhani zoterezi pa WhatsApp adziwe kuti pali manda amene iye anathandiza kukumba.

Tsono kukonzekera kwenikweni kumachitika dzuwa likuswa mtengo, mu Seputembala ndi Okutobala. Nthaka yathu ya kuno imamwa madzi ambiri, chimbudzi chokumba mu Januwale chimagwa chisanathe mwezi. Kumbani kukadali kouma, kumunsi kwa chitsime osati kumtunda kwake, mamita osachepera 30, muikepo chivundikiro ndi mpondagiya wokhala ndi sopo. Madzi a mumtsinje wa Ruo, Likhubula kapena Thuchila asakunyengeni ndi kuyera kwake poti atsika m'phiri. Ngakhale a pamjigo amadetsedwa m'ndowa momwe, ndi kapu yomwe aliyense amaviika ndi dzanja. Thirani kolorini pa muyezo umene mlangizi wakuuzani, dikirani mphindi 30. Fungo lake anthu amadandaula nalo, ndamva, koma silinaphepo munthu.

Za komiti ya m'mudzi yoona ngozi zogwa mwadzidzidzi, a mfumu, ndikupemphani. Komiti imeneyi isamadzuke pokhapokha kukamveka za chimanga cha thandizo. Ikhale pansi mvula isanagwe, igwirizane kuti madzi akakwera tithawira kusukulu iti kapena tchalitchi chiti, tidzera njira iti mlatho ukapita, aimbe likhweru ndani, nkhalamba ndi olumala awanyamule ndani. Ndipo malo othawirakowo akayendereni, muwerenge zimbudzi zake. Nthawi ya Freddy tinaona mabanja ambirimbiri atapanikizana m'makalasi, zimbudzi zomangira ana asukulu zitadzaza m'masiku ochepa. A DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi mabungwe amafika, koma msewu ukaduka masiku oyambawo mumakhala nokha. Mayi wotsala pang'ono kuchira apite kuchiyembekezo kukadali kouma. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, asunge mankhwala ndi buku lakuchipatala m'jumbo yomanga bwino, pamalo pongotola n'kuthawa.

Katemera wa kolera akabwera mulandire. Koma kuyambira mu Okutobala 2022, chifukwa cha kuchepa kwake pa dziko lonse, pa nthawi ya mliri ankaperekedwa kamodzi m'malo mwa kawiri, choncho chitetezo chake sichikhalitsa. Wolandira katemera asasiye kolorini. Ife a m'malire tisaiwale kuti anthu amawoloka pa Muloza tsiku lililonse kupita ku Milange ndi kubwera ku msika wa Limbuli. Kukamveka kolera tsidya lija, kuno tiyambe kuchita ngati wafika kale.

Pamaliro pomwe m'povuta kuyankhula, koma ndinena. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limapatsirabe matenda. Musalisambitse nokha, musaphike nsima ya gulu, lolani azaumoyo athire mankhwala ndi kuyang'anira kuika. Kumudzi kwa bambo wothyola tiyi uja, a mfumu anavomera zimenezi ngakhale achibale ena anakwiya nafe kwambiri. Tinathira kolorini m'ndowa za pamudzi ponse, tinaphunzitsa khomo lililonse kusungunula Thanzi, ndipo amene anadwala pambuyo pake anabwera nawo usiku womwewo akuwamwetsa m'njira. Onse anabwerera kwawo akuyenda okha.