Mabuku akale a ku England adayenda bwanji kuti afike pa intaneti?

Ukatsegula tsamba la buku la m'zaka za m'ma 1600 pa Early English Books Online, nkhokwe ya pa intaneti ya zithunzi za mabuku akale a Chingerezi yomwe ofufuza amangoitchula kuti EEBO, chimakudabwitsa msanga ndi maonekedwe ake. Pepala ndi loyera mbee, zilembo zakuda bii, pakati pomwe masamba awiri amakumana pali mthunzi, ndipo pena timizere tokandika timadutsa pa mawu. Pepala la zaka 400 silikhala loyera chonchi. Chomwe ukuonacho ndi chithunzi cha filimu, ndipo filimuyo mwina idajambulidwa agogo ako asanakwatirane.

Nkhaniyi idayamba ndi kaundula. M'chaka cha 1926, akatswiri awiri, A. W. Pollard ndi G. R. Redgrave, adatulutsa mndandanda wa mabuku osindikizidwa ku England, Scotland ndi Ireland, komanso a Chingerezi osindikizidwa kunja, kuyambira 1475 mpaka 1640. Adautcha Short-Title Catalogue chifukwa mitu ya mabuku a nthawiyo inkatalika mpaka kudzaza tsamba lonse, choncho ankangolemba kachiyambi kake. Buku lililonse lidapatsidwa nambala, ndipo manambalawo adapitirira 26,000. Pambali pake ankalemba malaibulale omwe akusunga bukulo. Kenaka Donald Wing wa ku Yale adapitiriza ntchitoyi pa mabuku a 1641 mpaka 1700.

Kaundulayu adaonetsa poyera vuto la mayunivesite a ku America. Ndalama anali nazo, ophunzira anali nawo, koma mabuku ambiri anali kutsidya kwa nyanja, ku British Museum ku London, ku laibulale ya Bodleian ku Oxford ndi ku Cambridge. Munthu wolemba za ndakatulo za nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I ankayenera kukwera sitima yapamadzi kuti akangowerenga. Eugene Power wa ku Ann Arbor, m'chigawo cha Michigan, adaona mwayi pamenepa. M'zaka za m'ma 1930 adayamba kujambula mabukuwa tsamba ndi tsamba pa mayikulofilimu, filimu yosunga masamba ngati tizithunzi ting'onoting'ono, ndipo mu 1938 adakhazikitsa kampani yake ya University Microfilms. Malaibulale ankalipira chaka ndi chaka, iye n'kumawatumizira mipukutu ya filimu, nambala za Pollard ndi Redgrave zili chizindikiro.

Anthu ena amakamba ngati ntchitoyi idabadwa chifukwa cha nkhondo ya Hitler. Idayamba ngati malonda nkhondo isanabuke. Chomwe nkhondo idachita ndi kuisandutsa ntchito yachangu. Zinthu zamtengo wapatali za ku British Museum zidasamutsidwa, zina mpaka ku Aberystwyth ku Wales, ndipo mantha aja sadali achabe: usiku wa pa 10 May 1941 mabomba oyatsa moto adagwera nyumbayo ndipo mabuku pafupifupi 250,000 adawonongeka. M'zaka zomwezo, ndi thandizo la Rockefeller Foundation, makamera a Power adajambula masamba mamiliyoni a zolemba zapamanja za ku Britain, filimu zake n'kukasungidwa ku Library of Congress ku Washington.

Kwa zaka zambiri wofufuza ankakhala m'kachipinda kamdima, akupukusa chogwirira cha makina owerengera filimu mpaka maso kuwawa. Mu 1998 zithunzi za pa filimuzo zidaikidwa pa intaneti, ndiye EEBO imeneyi. Lero muli mabuku oposa 140,000, kuyambira loyamba kusindikizidwa m'Chingerezi, lomwe William Caxton adatulutsa cha m'ma 1473, mpaka maulaliki, nyimbo zogulitsa mumsewu ndi timabuku ta ndale tomwe George Thomason, wogulitsa mabuku ku London, adatolera pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku England. Thomason yekha adasonkhanitsa timabuku toposa 22,000, ndipo pa tambiri ankalemba pamanja tsiku lomwe watipeza.

Koma chithunzi sichifufuzika. Kompyuta yowerenga zilembo inkagwa chagada ikakumana ndi mabukuwa. Osindikiza akale anali ndi chilembo cha s chachitali chofanana kwambiri ndi f, moti tsiku langa loyamba ndidatha ndime yathunthu ndikuganiza kuti wolembayo anali ndi chibwibwi cha mtundu wake. Ankasinthanitsa u ndi v, i ndi j, ndipo mabuku ambiri anali a zilembo zonenepa zokhotakhota zomwe ngakhale Mngelezi wa lero amaziwerenga mojejema. Liwu limodzi linkalembedwa mitundu itatu patsamba lomwelo, pena pongofuna kuti mzere ukwanire.

Njira idali imodzi: anthu ataipe pamanja. Mu 1999 yunivesite ya Michigan ndi ya Oxford adagwirizana ndi eni EEBO n'kuyambitsa Text Creation Partnership, malaibulale oposa 100 akusonkha ndalama. Otaipa ankakopera chilembo ndi chilembo kuchokera pa zithunzi zija, ndipo muyeso unali wakuti cholakwika chisapose chimodzi pa zilembo 20,000. Pomwe filimu idada kwambiri ankaika chizindikiro chakuti apa sipakuwerengeka. Timipata timeneti tilipo tambirimbiri, ndipo ukafufuza liwu lomwe lidagwera pa kampata kotere, kompyuta imakuuza kuti kulibe. Maina a otaipawo sawoneka paliponse, chonsecho wofufuza aliyense wa lero akudya thukuta lawo.

Pali chinanso chimene sikirini imabisa. Pafupifupi buku lililonse pa EEBO ndi chithunzi cha kope imodzi, ya laibulale imodzi. Kale osindikiza ankakonza zolakwika makina ali mkati mogwira ntchito, ndipo masamba olakwika sankawataya chifukwa pepala linali lodula. Zotsatira zake, makope awiri a buku limodzi amatha kusiyana mawu. Katswiri wa ku America, Charlton Hinman, adatsimikiza izi ndi buku la masewero a Shakespeare la 1623. Adapanga makina a magalasi ndi nyali ophethiritsa masamba awiri motsatizana kuti posiyana pazioneka ngati pakugwedezeka, n'kuyerekeza makope oposa 50 ku Folger Shakespeare Library, ndipo adapeza kusiyana m'malo mazanamazana. Kuwonjezera apo, pa sikirini Baibulo lalikulu la pa guwa ndi kabuku kolowa m'thumba zimaoneka zofanana msinkhu, ndipo inki yofiira imangokhala yakuda. Paja kutsutsa galu n'kukumba. Wofuna kunena motsimikiza za tsamba lina amayenerabe kukaligwira ndi manja.

Mkangano waukulu ndi wa umwini. Olemba mabukuwa adamwalira kalekale, palibe amene angati mawuwo ndi ake, koma zithunzi zili m'manja mwa ProQuest, yomwe idalowa m'malo mwa kampani ya Power, ndipo kuti uzione laibulale yako iyenera kulipira. Mu October 2015 kampaniyi idauza Renaissance Society of America, bungwe la ofufuza za nyengo ya mabukuwa, kuti mamembala ake sadzalowanso mu EEBO kudzera m'bungwelo. Ambiri mwa iwo anali aphunzitsi a m'makoleji aang'ono ndi ofufuza opanda yunivesite, ndipo khomo lawo linali lomwelo. Phokoso lidakula kwambiri moti m'masiku ochepa chabe kampaniyo idabweza ganizo lake. Mwamwayi, pangano la Text Creation Partnership lija lidanena kuti pakapita zaka mawuwo adzakhala a aliyense. Mabuku oposa 25,000 adatsegulidwa pa 1 January 2015, ena adatsatira, ndipo tsopano pafupifupi 60,000 amawerengeka ulere, ngakhale opanda zithunzi.

Mu October 2023 akuba a pa intaneti otchedwa Rhysida adalowa m'makompyuta a British Library, laibulale yaikulu ya dziko la Britain, n'kufuna dipo. Laibulaleyo idakana kulipira. Pakati pa zomwe zidazima panali English Short Title Catalogue, mdzukulu wa kaundula wa 1926 uja, yemwe tsopano amafika mpaka chaka cha 1800. Kwa miyezi yambiri, wofuna nambala ya buku la mu 1611 ankaipeza msanga ngati laibulale yake idasunga mavoliyumu atatu a pepala a kaundula wa Pollard ndi Redgrave wokonzedwanso, omwe adasindikizidwa pakati pa 1976 ndi 1991.